Linki imene imagwira ntchito lero n'kufa mawa: kufufuza vuto la cache pa webusayiti

Aliyense amene amasamalira mawebusayiti a mabungwe, masukulu kapena mashopu muno mu Blantyre anamvapo dandaulo lakuti linki imene dzulo inkatseguka bwinobwino lero ikukana, pamene palibe amene anaigwira. Ine ndinalimva kwa mayi wina wogwira ntchito pa bungwe lina la ku Limbe limene limachititsa maphunziro afupiafupi a zamalonda. Webusayiti yawo inamangidwa ndi WordPress, ndipo pa tsamba lililonse la maphunziro panali batani lolembetsera. Anandiimbira Lachiwiri madzulo n'kunena kuti, "Achimwene, linki ija yafanso. Anthu akhala akundiimbira kuyambira masana, koma pa kompyuta yanga pano ikutseguka." Ananditumizira pa WhatsApp chithunzi chimene munthu wina wa ku Bangwe anajambula pa foni yake, tsamba loyera lokhala ndi mzere umodzi wa Chingelezi wakuti "The link you followed has expired", kutanthauza kuti linkiyo nthawi yake yatha. Amene ankawathandiza poyamba anawaphunzitsa kudina batani lofufuta cache yonse, nkhokwe imene imasunga makope a masamba a webusayiti, ndipo akatero vutolo linkatha, koma tsiku lotsatira linkabweranso.

Chinthu choyamba chimene ndinawapempha chinawadabwitsa. Ndinati, "Amayi, chonde musafufute kalikonse mpaka nditaona." Batani lofufutalo limakondedwa chifukwa limabweretsa mpumulo nthawi yomweyo, koma limataya umboni wonse, ndipo munthu amatsala osadziwa kuti kope loipalo linali pati komanso linafikapo bwanji. Vuto la linki yotere silikhala loti cache yawonongeka. Cache imakhala ikuchita zimene inauzidwa, kungoti inapatsidwa chinthu cha munthu mmodzi, kapena cha nthawi yochepa, n'kuuzidwa kuti ichigawire aliyense kwa masiku ambiri.

Mapulogalamu oyendetsera nkhani za pa webusayiti, monga WordPress imene inayamba mu 2003, Drupal ya mu 2001 ndi Joomla ya mu 2005, sasunga masamba athunthu. Munthu akapempha tsamba, seva, kompyuta imene imasunga webusayitiyo, imayendetsa pulogalamu yolembedwa m'chiyankhulo cha PHP, pulogalamuyo imafunsa database, kumene nkhani zonse zimasungidwa, mafunso ambirimbiri, imasonkhanitsa mutu, nkhani, mndandanda wa malinki ndi zithunzi, kenako n'kutumiza HTML, malemba amene burawuza imawasandutsa tsamba looneka. Kuchita zimenezi pa mlendo aliyense n'kolemetsa, makamaka pa seva yotsika mtengo imene mawebusayiti ambiri amagawana. Cache ndi nkhokwe imene imasunga kope la ntchito yophikidwa kaleyo kuti wobwera pambuyo angopatsidwa. Kwa ife kuno ubwino wake suchita kufunsa. Maseva ambiri a mawebusayiti athu ali ku South Africa, ku Ulaya kapena ku America, ndipo popeza Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, pempho lililonse limadutsa m'mawaya a m'mayiko oyandikana nafe monga Mozambique ndi Tanzania lisanafike kumene likupita. Linki ikaponyedwa m'magulu a WhatsApp anthu amadina nthawi imodzi, ndipo seva yopanda cache imagwada. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi malangizo akuti cache ingozimitsidwa basi. Wolipira mtengo wa chisankho chimenecho ndi munthu wa bandulo yochepa amene akudikira tsamba ali mu minibasi.

Chovuta n'chakuti nkhokwezi sizikhala imodzi. Taganizirani paketi ya shuga imene yachoka ku fakitale, yafika ku holoselo ku Limbe, yapita pa okala ku Ndirande, kenako yalowa m'kabati ya kunyumba. Fakitale ikasintha kanthu pa paketiyo lero, ya pa okala ndi ya m'kabati zimakhalabe zakale mpaka zitatha. Pa webusayiti, pansi penipeni pali cache ya zidutswa, imene imasunga mayankho a database m'mapulogalamu monga Redis kapena Memcached, komanso zimene WordPress imazitcha transients. Pamwamba pake pali cache ya masamba athunthu, ya mapulagini, timapulogalamu towonjezera pa WordPress, monga WP Super Cache, W3 Total Cache, LiteSpeed Cache kapena WP Rocket. Seva yeniyeniyo ikhoza kukhalanso ndi yake, ya Nginx kapena ya Varnish, pulogalamu imene inatuluka mu 2006 itapangidwira nyuzipepala ya ku Norway yotchedwa VG. Kampani yosungira webusayiti nthawi zina imayatsa imeneyi popanda mwini webusayiti kudziwa. Kunja kuli CDN monga Cloudflare, gulu la maseva omwazikana m'mayiko ambiri amene amasunga makope pafupi ndi owerenga, ndipo pomalizira pali burawuza ya m'foni ya munthu. Batani limene mayi aja ankadina linkafufuta nkhokwe imodzi yokha pa zonsezi.

Linki wamba, yoloza ku tsamba la mbiri ya bungwe mwachitsanzo, ilibe vuto ndi nkhokwe zimenezi chifukwa ndi yofanana kwa aliyense, lero ndi mawa. Linki yosinthasintha ndi imene imapangidwa pa nthawi imene tsamba likuphikidwa, ndipo maonekedwe ake amadalira amene akuwerenga, nthawi imene akuwerenga, kapena zimene zili mu database pa mphindi imeneyo. Zitsanzo zake ndi linki yotulukira mu akaunti, yoika katundu m'dengu la pa shopu, yotsitsira risiti, yosinthira chiyankhulo, ndi yoloza ku nkhani yatsopano kwambiri. Ikalowa m'kope losungidwa imauma momwe inalili pa nthawi imeneyo.

Ndikafika pa vuto lotere ndimafunsa mafunso atatu, ndipo ndinawaphunzira kwa Drupal, imene kuyambira pa Drupal 8 ya mu November 2015 imayembekezera wolemba pulogalamu kuwayankha pa chidutswa chilichonse cha tsamba. Kope limeneli ndi la yani? Lidzatha liti? Ndi chiyani chimene chikasintha liyenera kutayidwa? Drupal imatcha mayankho ake cache contexts, max-age ndi cache tags. WordPress ilibe dongosolo lotere mkati mwake, koma mafunsowo amagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo linki iliyonse yovuta imene ndinakumanapo nayo inalephera pa limodzi mwa atatuwa.

Ya mayi a ku Limbe inalephera pa funso la nthawi. WordPress imateteza malinki ochita kanthu ndi chidindo chotchedwa nonce, timalemba ndi manambala khumi timene timaikidwa kumapeto kwa linki, kawirikawiri pambuyo pa mawu akuti _wpnonce. Cholinga chake n'chakuti webusayiti ina yachinyengo isathe kukuchititsani kanthu pa akaunti yanu inu osadziwa. Anthu ambiri amadziwa kuti chidindochi chimakhala maola 24, koma zoona zake n'zakuti chimakhala pakati pa maola 12 ndi 24. WordPress imadula tsiku m'zigawo ziwiri za maola 12, ndipo imavomereza chidindo cha chigawo chimene tilimo ndi cha chigawo chapitacho basi. Malire a zigawozi ali pa 12 koloko usiku ndi 12 koloko masana pa nthawi yapadziko lonse ya UTC, ndipo popeza nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri, kwa ife malirewo amagwa pa 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana. Chidindo chopangidwa 1:50 masana chimafa 2 koloko usiku wotsatira, chitakhala maola 12 ndi mphindi khumi zokha, pamene chopangidwa 2:10 masana chimafika mpaka 2 koloko masana a mawa lake.

Nditawafunsa nthawi imene mafoni a odandaula amayamba kulira, anaganiza pang'ono n'kunena kuti kawirikawiri amayamba akangobwera ku nkhomaliro. Zimenezi zinagwirizana ndi masamu aja. Mlungu womwewo anafufuta cache Lolemba chakumadzulo, motero kope latsopano linaphikidwa ndi chidindo chimene chinafa 2 koloko masana a Lachiwiri. Pulagini yawo inauzidwa kusunga masamba kwa masiku asanu ndi awiri, choncho kwa masiku asanu ndi limodzi otsalawo ikanapitiriza kugawa linki yakufa. Chifukwa chimene iwo sankaonera vutoli chinalinso chapafupi. Iwo ankakhala atalowa mu akaunti yawo, ndipo mapulagini a cache akaona cookie (kachizindikiro kamene webusayiti imasiya mu burawuza ya munthu) yoyamba ndi wordpress_logged_in amamulambalalitsa munthuyo nkhokwe n'kumuphikira tsamba latsopano. Mwini webusayiti ndiye munthu womaliza kuona vuto la cache, ndipo zimenezi zimachititsa kuti odandaula aziganiziridwa kuti ndi amene sakudziwa kugwiritsa ntchito foni, pamene akunena zoona.

Pali msampha wina pamenepa umene umakola anthu ambiri. Wina akamva za maola 12 aja amatsitsa nthawi ya pulagini kufika pa maola 10, monga mmene WP Rocket imabwerera ikangoikidwa, n'kuganiza kuti wamaliza. Koma ngati CDN nayonso yauzidwa kusunga HTML kwa maola 10, nthawi ziwirizi zikhoza kuphatikizana. CDN ikhoza kutenga kope limene latha kale maola 9 m'nkhokwe ya pulagini, n'kuliona ngati latsopano, n'kulisunganso maola ena 10. Chofunika kuwerengera ndi nthawi yonse imene kope latha chiphikidwire pamene likufika pamaso pa munthu, kuwonjezerapo nthawi imene munthuyo angasiye tsambalo lotsegula pa foni asanadine. Vuto lomweli limagwira malinki otsitsira mafayilo osungidwa ku Amazon S3, amene amasainidwa kuti agwire ntchito kwa nthawi yoikika, nthawi zina mphindi zochepa chabe, ndipo sangapitirire masiku 7.

Funso lakuti kope ndi la yani ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa likayankhidwa molakwa zotsatira zake si linki yakufa chabe. Nkhokwe iliyonse imalemba dzina pa kope lililonse, monga mmene matumba a chimanga amalembedwera mayina ku chigayo kuti aliyense atenge lake. Dzina limeneli amalitcha cache key, ndipo nthawi zambiri limakhala adiresi ya tsamba basi. Ngati tsamba limasiyana malinga ndi munthu, koma pa thumba palembedwa adiresi yokha, wofika koyamba ndi amene amasiya kope lake, ndipo onse obwera pambuyo amatenga limenelo. Munthu amatsegula webusayiti n'kupeza pamwamba palembedwa dzina la wina, ndipo linki ya risiti ikuloza ku risiti ya mwini dzinalo. Zimenezi zinachitikira ngakhale kampani yaikulu. Pa 25 December 2015, Steam, shopu ya magemu ya kampani ya Valve, ikulimbana ndi anthu amene ankaithira mapempho ochuluka kuti igwe, inaikiridwa malamulo atsopano a cache amene anasunga masamba a anthu olowa mu akaunti, ndipo Valve inanena kuti masamba a anthu pafupifupi 34,000 anaonetsedwa kwa anthu ena. Kuno kwathu, kumene tsamba la akaunti limakhala ndi nambala ya foni yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso kumene tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, nkhani imeneyi si yoichedwetsa. Ukaona dzina la munthu wina pa tsamba, pamenepo pokha ndi pamene ndimavomereza kufufuta chilichonse msangamsanga, umboni utsatire pambuyo.

Njira imene vutoli limalowera kawirikawiri ndi yodziwika. Cloudflare payokha sisunga HTML, imasunga zithunzi, CSS yokongoletsa tsamba, JavaScript yoyendetsa zinthu mu burawuza ndi mafayilo ena otere poona mapeto a dzina la fayilo. Munthu wofuna liwiro amaika lamulo loti isunge chilichonse, amaona webusayiti ikuthamanga, n'kuiwala kupatula anthu okhala ndi cookie ya akaunti, masamba oyendetsera webusayiti a wp-admin, ndi masamba a dengu ndi olipirira a WooCommerce, pulagini ya mashopu. Ena amadalira header (kamzere ka uthenga kamene kamatumizidwa limodzi ndi tsamba) ya Vary, imene imauza nkhokwe kuti kope limasiyana malinga ndi cookie kapena chiyankhulo, koma si CDN iliyonse imene imaimvera pa masamba a HTML, choncho sibwino kuikhulupirira usanaiyese. Varnish ikangoikidwa imakhala yochenjera, sisunga pempho lokhala ndi cookie ngakhale yankho loika cookie, koma popeza zimenezi zimachepetsa phindu lake, anthu amalemba malamulo ochotsa ma cookie, ndipo pochotsa osafunika amachotsa ndi ofunika omwe.

Dzina la pa thumba limavutanso m'njira zing'onozing'ono. Webusayiti ya ziyankhulo ziwiri imene imakumbukira chisankho cha munthu mu cookie, adiresi n'kukhala imodzimodzi, imatsekeredwa m'chiyankhulo cha wofika koyamba, moti wosankha Chichewa amapeza malinki onse akumubwezera ku Chingelezi. Mankhwala ake ndi kuika chiyankhulo mu adiresi mwenimwenimo, /ny/ ndi /en/, kuti matumba akhale awiri. Chimodzimodzinso ndi zimene zimalembedwa pambuyo pa chizindikiro cha funso mu adiresi. Nkhokwe ikauzidwa kuti izinyalanyaza zonsezo, tsamba lachiwiri la mndandanda limafanana ndi loyamba, ndipo aliyense wofufuza amalandira zotsatira za mnzake. Ikauzidwa kuti iziwerengera zonse, fbclid imene Facebook imamata pa linki iliyonse yodinidwa imachititsa mlendo aliyense kuoneka wachilendo, ndipo cache imakhala ilipo koma osathandiza aliyense. Pamafunika kutchula mayina mmodzimmodzi, kuti fbclid, gclid ndi utm_source zinyalanyazidwe koma page ya nambala ya tsamba ndi s ya mawu ofufuzira ziwerengedwe.

Funso lachitatu, la chimene chiyenera kutayitsa kope, limaoneka mkonzi akasintha adiresi ya nkhani kapena akachotsa tsamba. Pulagini imafufuta kope la tsamba losinthidwalo, mwina ndi la tsamba loyamba, koma masamba ena makumi amene ali ndi linki yakaleyo m'mbali mwawo amatsala momwemo. Drupal inathetsa mbali yaikulu ya vutoli ndi cache tags: chidutswa chilichonse chotchula nkhani nambala 5 chimanyamula chizindikiro chakuti node:5, ndipo nkhaniyo ikasintha, makope onse onyamula chizindikirocho amatayidwa kulikonse kumene ali. Komabe wolemba chidutswa chakechake cha tsamba akaiwala kuika chizindikirocho, linki yake imauma. Ndiyeneranso kuchenjeza ogwiritsa ntchito Drupal kuti Internal Page Cache, imene imatumikira alendo osalowa mu akaunti, simvera max-age ya zidutswa, ndipo imatenga alendo onsewo ngati munthu mmodzi.

Tsopano kafufuzidwe kake. Ndimayamba ndi kudziika m'malo mwa mlendo: zenera la incognito, limene silikumbukira akaunti yanga, kapena foni ina imene sinalowepo mu akaunti, pa data ya foni osati pa Wi-Fi ya mu ofesi. Vuto likaoneka, ndimatsegula HTML ya tsambalo n'kukopera linki yovutayo ndendende mmene ilili, kenako ndimaiyerekeza ndi imene mwini akaunti akuona. Kusiyana kwa ziwirizi kumandiuza kale kuti ndi funso liti mwa atatu aja limene lalephera. Mapulagini angapo amasiya kamzere kobisika kumapeto kwa HTML konena tsiku ndi nthawi imene kope linaphikidwa, ndipo kamzere kameneka n'kamtengo wapatali. Pa tsamba la ku Limbe kankasonyeza Lolemba, pamene tinali Lachiwiri usiku.

Kenako ndimawerenga ma header, kaya pa gawo la Network la zida za burawuza kapena ndi lamulo la curl -I, lopempha ma header okha, lotsatiridwa ndi adiresi, ndipo ndimapempha kawiri motsatizana, chifukwa pempho loyamba likhoza kukhala limene likudzaza nkhokwe. Header ya Age imanena masekondi amene kope latha m'nkhokwe ya panjira, moti Age ya 90000 ndi maola 25, ndipo chidindo chilichonse cha m'kope limenelo chinafa kale. Cloudflare imalemba cf-cache-status, ndipo HIT ikutanthauza kuti yapereka kope lake, MISS kuti inalibe, DYNAMIC kuti tsambalo sililisunga n'komwe. Kumapeto kwa header ya cf-ray kumakhala zilembo zitatu za mzinda umene wayankha, monga JNB ya Johannesburg, ndipo zimenezi zimafotokoza chifukwa chimene mnzanu wa ku London angaone tsamba labwino inu mukuona loipa, popeza malo aliwonse ali ndi nkhokwe yawoyawo. Varnish ikapereka kope losungidwa, X-Varnish imakhala ndi manambala awiri m'malo mwa imodzi. Drupal ili ndi X-Drupal-Cache ndi X-Drupal-Dynamic-Cache, ndipo LiteSpeed ili ndi x-litespeed-cache. Poyerekeza nthawi, kumbukirani kuti header ya Date imalembedwa mu GMT, yofanana ndi UTC ija, choncho muziwonjezera maola awiri. Ndinatayapo madzulo athunthu ndikufufuza kope limene ndinkaliyesa lakale ndi maola awiri pamene linali latsopano.

Header ya Cache-Control ndiyo malangizo amene seva imapereka, ndipo tanthauzo la mawu ake linalembedwa m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 9111 cha mu 2022. Mawu awiri amasokoneza anthu ambiri. No-cache satanthauza kuti usasunge, amatanthauza kuti sunga koma ufunse kaye kwa seva usanapereke. Woletsa kusunga ndi no-store. Private amalola burawuza ya munthuyo kusunga koma amaletsa nkhokwe zogawana, max-age ndi masekondi a moyo wa kope, ndipo s-maxage ndi moyo wake m'nkhokwe zogawana zokha. Tsamba lokhala ndi dzina la munthu likatuluka ndi mawu akuti public, wolakwa wapezeka.

Ma header akapanda kunena zomveka, ndimasenda nkhokwezo imodzi imodzi. Kuwonjezera kanthu kopanda tanthauzo kumapeto kwa adiresi, monga ?yesa=1, nthawi zambiri kumakakamiza kope latsopano, ndipo linki ikachira pamenepo ndiye kuti vuto lili m'nkhokwe ya masamba athunthu. Ikapanda kuchira, mwina nkhokweyo ikunyalanyaza zimene mwawonjezerazo, kapena vuto lili pansi, mu transients kapena mu Redis. Kuti ndidumphe CDN ndimagwiritsa ntchito curl ndi --resolve, imene imatumiza pempho molunjika ku IP, nambala ya adiresi ya seva, kapena ndimayatsa Development Mode ya Cloudflare, imene imalambalala nkhokwe yake ndipo imazima yokha pakatha maola atatu. Ikafika nthawi yofufuta, ndimafufuta tsamba limodzi lokha, m'nkhokwe imodzi, n'kuyesa, ndipo ndimayambira mkati kupita kunja. Ukayambira kunja, CDN imapita kukatunganso kope loipa lomwelo ku seva n'kulisunga mwatsopano, ndipo umaganiza kuti kufufutako sikunagwire.

Nkhokwe imodzi simungaifikire, ndiyo ya m'foni ya munthu. Apa chovutitsa kwambiri ndi 301, yankho louza burawuza kuti tsamba lasamuka mpaka kalekale. Burawuza imalikhulupirira n'kulisunga, ndipo ngakhale mutakonza pa seva, foni imene inalandira 301 yolakwika imapitabe kolakwikako osafunsanso. Linki iliyonse imene kopita kwake kungasinthe, monga yoloza ku fomu ya mwezi uno, iyenera kugwiritsa ntchito 302 kapena 307, mayankho onena kuti kusamukako n'kwa kanthawi chabe, ndipo ngakhale kusamutsa kwenikweni ndimakuyesa kaye ndi 302 kwa masiku angapo. Facebook nayo imasunga mutu ndi chithunzi cha linki, ndipo imatsitsimutsidwa ndi chida chake cha Sharing Debugger.

Pa kakonzedwe, njira yofulumira ndi kupatula tsamba lovutalo kuti lisasungidwe, pogwiritsa ntchito mndandanda wa pulagini kapena chizindikiro cha DONOTCACHEPAGE chimene mapulagini ambiri a WordPress amachimvera. Imeneyi ndi yoyenera pa dengu, polipirira ndi pa akaunti, ndipo WooCommerce imayesetsa kuchita zimenezi yokha. Koma pamene batani lili pa tsamba lililonse, kupatula n'chimodzimodzi ndi kuzimitsa cache yonse. Njira yabwinopo ndi kuboola kabowo m'kope: tsamba lonse lisungidwe, koma malo a linkiyo adzazidwe pa nthawi yowerenga, kaya ndi JavaScript imene imapempha chidindo chatsopano tsamba likatseguka, kaya ndi ESI imene Varnish ndi LiteSpeed zimaidziwa, kaya ndi lazy builder ya Drupal imene BigPipe, mbali ina ya Drupal yomweyo, imaitumiza pambuyo pa tsamba lonselo. Pogwiritsa ntchito JavaScript muyenera kuonetsetsa kuti adiresi yopereka chidindoyo isasungidwe nayonso, komanso kuyesa pa Opera Mini, imene anthu ambiri osunga bandulo amaikonda, chifukwa imaphika tsamba pa maseva ake ndipo JavaScript imaipatsa mpata wochepa.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonsezi ndi kuchotsa kusinthasinthako m'linki momwemo. M'malo moika adiresi yosainidwa ya fayilo pa tsamba, ikani linki yokhazikika monga /tsitsani/lipoti, ndipo munthu akadina, seva ione kuti ndi ndani, ipange adiresi yatsopano pompo, n'kumutumiza ndi 302 yokhala ndi no-store. Tsamba likhoza kusungidwa mwezi wathunthu popanda chovuta, chifukwa chisankho chikuchitika pa nthawi yodina osati pa nthawi yophika. Ndiponso linki wamba isamachite kanthu kosintha zinthu. Mapulogalamu odzaziratu cache, maroboti a Google ndi WhatsApp pokonza kachithunzi ka linki, onsewa amatsegula malinki popanda munthu kudina, moti linki yogwira kamodzi kokha ikhoza kudyedwa mwini wake asanaione. Kulembetsa, kufufuta ndi kulipira ziyenera kudutsa pa fomu ndi batani lotsimikiza.

Ku Limbe tinachita zimenezo. Batani la pa masamba a maphunziro linasanduka linki wamba yoloza ku tsamba limodzi lolembetsera, lonyamula nambala ya maphunzirowo mu adiresi, ndipo tsamba limodzi limenelo ndi limene tinalipatula ku cache. Masamba ena onse anatsala akusungidwa masiku asanu ndi awiri monga kale. Mayi aja anafuna kulengeza m'magulu usiku womwewo kuti zatheka, koma ndinawapempha kuti adikire, chifukwa vuto la nthawi silingayesedwe mphindi zisanu pambuyo pokonza, pamene kope lililonse likadali latsopano. Tinagwirizana kuti asakhudze batani lofufuta lija, tidutse malire a 2 koloko kangapo, ndipo Lachinayi nthawi ya 2:30 masana atenge foni ya mlonda wa pa geti, imene sinatsegulepo webusayitiyo, alembetse nayo dzina loyesera pa data ya foniyo. Kamzere ka kumapeto kwa HTML kankasonyezabe Lachiwiri usiku, kope linali litatha maola oposa 40, ndipo fomu inatseguka ndi chidindo cha tsiku lomwelo.